KAMERA IIME PATI?

Akulu-akulu amene anakulira m'midzi ya kuno ku Cigawo ca Kum'mawa akumbukira bwino lomwe tsiku limene galimoto ya kanema inali kufika pamudzi. Mbiri inali kuwanda dzuwa likali paliombo, ndipo pofika cisisira bwalo la sukulu linali litadzaza tho: azimai ndi ana kumsana, madoda ndi timipando tao, anyamata ena ali m'mitengo. Nsalu yoyera inali kupacikidwa, injini inali kuyamba kulira, ndipo anthu anali kuona ndi maso ao kathiridwe ka feteleza, kakumbidwe ka cimbudzi, kapena ulendo wa Mtsogoleri wa dziko. Masiku amenewo makina ojambulira anali cuma ca Boma. Munthu wa kumudzi anali woonerera cabe, ndipo akacita mwai anali kujambulidwa; koma zoti iye mwini angagwire kamera sanali kuzilota ndi kutulo komwe.

Lero zinthu zasintha. Foni ya m'manja imene mnyamata agula atagulitsa nshawa kapena soya iri ndi kamera m'kati mwace, ndipo kamerayo ijambula zithunzi zoyenda, zamitundu, pamodzi ndi mau omwe. Koma kukhala ndi khasu si kudziwa kulima iai. Dzinja lina mwana wa mlongo wace wa wolemba nkhani ino anatumiza kanema kucokera kumudzi, nati: "Amalume, onani cimene cagwa m'cimanga, mutifunsireko mankhwala." Kanemayo anali wa mphindi zitatu. Munali thambo, munali mitengo ya m'malire, munali mapazi a wojambula ndi galu wace, ndiponso cimanga cobiriwira cooneka capatali. Mbozi yeni-yeniyo, imene inali kudya cakudya ca banja lonse, sinaoneke ngakhale kamodzi. Pamene anauzidwa kuti abwerere kumunda akajambulenso, panapita masiku anai, cifukwa foni inali itatha moto. Ndipo mbozi siziyembekeza munthu.

Colakwa ca mnyamatayo cinali cimodzi cokha: sanadziwe poimika kamera. Cimeneci ndi cinthu cimene munthu angaphunzire m'madzulo amodzi, ndipo njira yabwino yociphunzitsira ndiyo kanema yemwe, pakuti za maso ziphunzitsidwa ndi maso. Cotero nkhani ino ikulozera aphunzitsi, alangizi a zamalimidwe, makalabu a azimai ndi a acinyamata amene angafune kukonza kanema wamfupi wophunzitsa anzao mbali zosiyana-siyana zoimikapo kamera. Tikamba za makonzedwe ace, ndiye kuti nchito yonse imene icitika munthu asanakhudze foni.

Zimene anali kunena za ife

Tisanapite patali, nkoyenera kuti awerengi adziwe kuti funso la poimika kamera liri ndi mbiri yowawa muno mu Africa. M'caka ca 1932 gulu la amishoni lotsogozedwa ndi J. Merle Davis linayendera migodi ya ku Copperbelt kudzaona umoyo wa anchito, ndipo maganizo ena amene anatuluka pa ulendowo anali akuti kanema angathandize kuphunzitsa anthu. Zotsatira zace zinali nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene inacitika kuyambira 1935 mpaka 1937. Azungu awiri, L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, anajambula makanema 35, nawanyamula pa lole kukaonetsa m'maiko a Tanganyika, Kenya, Uganda, Nyasaland ndi kuno kwathu, kumene panthawiyo kunali kuchedwa Northern Rhodesia. Mau sanali m'filimu, anali kutuluka m'mbale za galamafoni. Pambuyo pace, mu 1948, kunakhazikitsidwa Central African Film Unit, imene likulu lace linali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo inagwira nchito mpaka 1963.

Mwa onse amene anali kupanga makanema otere, wochuka kwambiri anali William Sellers, amene poyamba anali ofesala wa zaumoyo ku Nigeria, ndipo mu 1939 anapatsidwa utsogoleri wa Colonial Film Unit ku London. Iyeyu anaika malamulo a kajambulidwe ka makanema a anthu akuda. Anati kamera izikhala pa msinkhu wa maso nthawi zonse, isapendeke, isayende-yende, ndipo cidutswa ciri conse cizikhalitsa, cifukwa, mwa kuganiza kwace, mutu wa munthu wa kumudzi sungatsate zinthu zosintha msanga. Pocirikiza maganizo otere Azungu anali kusimbirana kankhani ka udzudzu. Akuti kwina kwace anaonetsa kanema wa malungo, m'mene udzudzu unajambulidwa pafupi kwambiri mpaka unadzaza nsalu yonse. Ndiye oonerera anati udzudzu waukulu cotere kuno kulibe, wa kwathu ngwaung'ono, motero matendawo si athu. Kankhani kameneka kanasimbidwa m'maiko ambiri, ndipo ali yense anali kukaika kwa mtundu umene iye anali kulamulira.

Kunena zoona, kumeneku kunali kunyoza. Pa zaka zomwezo anchito a m'migodi ndi ana ao anali kudzaza mabwalo a baisikopo kukaona makanema a makaubo a ku America, m'mene akavalo athamanga, mfuti zilira, ndipo kamera idumpha uku ndi uku. Mai wina wa ku America, Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, analemba za cimwemwe ndi mapokoso a oonerawo, amene ngwazi iri yonse ya m'kanema anali kuicha Jack. Anthu amenewo sanasocere. Ndipo ngati nzoona kuti wina anadabwa ndi udzudzu uja, mlandu unali wa wojambula, amene anaiwala kuonetsa poyamba udzudzu uli pa mkono wa munthu asanaukuze. Mfundo imeneyi tiisunge, tidzaipezanso kutsogoloku.

Nchito iyambira pa pepala

Amene afuna kukonza kanemayu ayambe akhala pansi, atatu kapena anai, ndi kope la sukulu ndi pensulo. Foni ikhale m'thumba. Funso loyamba ndi ili: adzaonera ndani, ndipo akatha kuonera adzathe kucita ciani? Yankho lace lilembedwe m'ciganizo cimodzi, monga cakuti, "Mlimi amene sanaphunzirepo kujambula adzathe kutumiza kwa mlangizi kanema woonetsa bwino cilombo ca m'munda mwace." Ciganizo cimeneci ndico cidzakhala mkamwini wolondera nkhokwe, ciri conse cimene sicithandiza colinga cimeneco, ngakhale cikome bwanji, cisalowe.

Utali wace usapitirire mphindi zisanu. Zifukwa zace nzodziwika kwa ali yense wokhala kumudzi: kanema wamtali adya ndalama zambiri potumiza pa WhatsApp, adzaza foni, ndipo kumene netiweki iri yofooka safika nkomwe. Mphindi zisanu ndi masekondi 300. Ngati cidutswa ciri conse citenga masekondi 10, ndiye kuti kanema yense ali ndi zidutswa 30 zokha. Ambiri akamva ciwerengero cimeneci adabwa kucepa kwace, koma kudabwako nkwabwino, cifukwa kucititsa munthu kusankha. Ndi bwinonso kukumbukira kuti makanema oyamba amene abale awiri a Lumière anaonetsa ku Paris pa 28 December 1895 sanali kukwana ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo kamera inali kuima malo amodzi osasuntha.

Cinthu caciwiri ndico kusankha nchito imodzi yokha yoti ijambulidwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Apa ndi pamene ambiri aphonya. Aonetsa mbali yoyamba pa mbuzi, yaciwiri pa njinga, yacitatu pa mwana wosewera, ndipo woonera sadziwa ngati cimene casintha ndi kamera kapena cinthu cojambulidwa. Koma munthu akhale yemweyo, munda womwewo, nchito yomweyo, ndipo cisinthe cinthu cimodzi cokha, ndico poima kamera. Pamenepo diso lidzagwira phunziro lokha popanda wolikakamiza. Ife tasankha nchito yofufuza mbozi zoononga cimanga, zimene ena acha nchemberezandonda. Mtundu watsopano wa mbozizi, umene kwao ndi ku maiko a America, unafika mu Zambia kumapeto a 2016, ndipo unafalikira mwamsanga kotero kuti mu December caka cimeneco Boma linalamula ndege za asilikali kuti zithandize kunyamula mankhwala. Palibe mlimi wa cimanga amene afunika kuuzidwa kuti nkhaniyi njofunika.

Pali kacinsinsi kamodzi kamene kasiyanitsa kanema uyu ndi ena onse. Popeza aphunzitsa za kamera, afunika mafoni awiri. Foni yoyamba ijambula mlimi ndi cimanga. Yaciwiri iima capatali, nijambula wojambulayo, kuti woonera aone ngati wagwada, wakwera pa culu, kapena waima kumbuyo kwa mnzace. Pa mbali iri yonse tsono padzakhala zidutswa ziwiri zotsatana: coyamba, "onani pamene waima", caciwiri, "onani cimene watenga." Popanda foni yaciwiriyo kanema adzakhala ngati munthu wophunzitsa kuluka mphasa manja ali kumbuyo.

Zitatha izi, tsegulani kope ndi kulemba mabokosi 30, atatu kapena anai pa tsamba. M'bokosi liri lonse jambulani ndi pensulo cimene cidzaoneka. Luso la kujambula silifunika. Mutu wozungulira ndi timizere ta manja ndi miyendo nzokwanira, malinga cioneke kuti munthu adzakhala wamkulu bwanji m'cithunzi ndipo adzayang'ana kuti. Kumbali kwa bokosi lembani zinthu zitatu: pamene kamera idzaima, mau amene adzanenedwa, ndi masekondi. Opanga makanema akulu-akulu a ku maiko a kunja acita cimodzi-modzi, ndipo pepala lotere alicha storyboard. Phindu lace ndi lakuti mikangano yonse ithera pansi pa mtengo, pamene kufufuta ndi kwaulere, m'malo mokakangana kumunda dzuwa likuswa mtengo, moto wa m'foni ukutha.

Mbali zoti ziphunzitsidwe

Mabuku a akatswiri achula mbali zambiri, koma mlimi afunika zisanu ndi imodzi, ndipo ziyenera kutsatana monga momwe munthu afikira pamunda: ayamba waona munda wonse, kenaka ayandikira.

Yoyamba ndi ya patali. Wojambula akwera pa culu kapena pa ngolo, natenga munda wonse ndi munthu ali m'kati mwace. Nchito ya cidutswa cimeneci ndi kuyankha funso lakuti "tiri kuti?" Pa nkhani ya mbozi cithandizanso kuonetsa kayendedwe ka wofufuza, pakuti alangizi aphunzitsa kuti munthu asayende m'mphepete mokha, koma adutse m'munda mokhota-khota monga cilembo W, naima malo asanu kuyang'ana mapesi. Cilembo cimeneco sicingaoneke kamera iri pansi. Koma kanema anene poyera kuti cidutswa ca patali ndi moni cabe. Mwana wa mlongo uja anapereka moni kwa mphindi zitatu osanena cimene anadzera.

Yaciwiri ndi ya pa msinkhu wa maso, imene iyenera munthu akamalankhula. Mau akuti "msinkhu wa maso" asokoneza ambiri, cifukwa aganiza kuti akunena maso a wojambula. Iai, akunena maso a wojambulidwa. Ngati agogo akhala pa mphasa, wojambula nayenso akhale pansi. Ngati ndi mwana, agwade. Ku Japan kunali katswiri wa makanema dzina lace Yasujiro Ozu, amene anamwalira mu 1963. Anthu a kwao, monga ifenso, akhala pansi pa mikeka m'nyumba zao, ndipo iye anali kuika kamera yace pansi-pansi, pafupi-fupi pa msinkhu wa munthu wokhala pa mkeka. Oonera makanema ace amva ngati akhala nao m'nyumbamo monga alendo olandiridwa. Kwa ife zimenezi si zacilendo. Mwana woleredwa bwino salankhula ndi akulu ali ciriri, ndipo kamera nayo iphunzitsidwe mwambo womwewo.

Yacitatu ndi ya pansi, kamera ikuyang'ana kumwamba. Mbali imeneyi ikuza munthu, imcititsa kuoneka wamphamvu ndi woopsa. Pojambula kanema wochuka wa Citizen Kane, amene anatuluka mu 1941, Orson Welles anacita kuboola pansi pa nyumba yojambuliramo kuti kamera itsike kwambiri. Zaka zocepa izi zisanacitike, mai wa ku Germany, Leni Riefenstahl, anajambula msonkhano wa cipani ca Hitler wa ku Nuremberg mu 1934, naika makamera pansi kuti Hitler aoneke ngati cimphona cogunda mitambo. Ticula zimenezi kuti awerengi adziwe kuti kamera ingathe kunama popanda kunena bodza ndi limodzi lomwe, ndipo pa nyengo ya masankho munthu wodziwa cinsinsi cimeneci aonera zithunzi za andale ndi diso lina. Kumunda mbali ya pansi iri ndi nchito yaulemu kopambana: ndiyo ionetsa kunsi kwa tsamba, kumene gulugufe wa mbozizi kawiri-kawiri aikira mazira ace m'timagulu. Cenjezo limodzi lilowe m'kanema mosabisa mau: kamera ya pansi siilozedwa kwa mzimai kapena mtsikana wobvala citenje kapena diresi.

Yacinai ndi ya pamwamba, kamera ikuyang'ana pansi, ndipo pa imeneyi tikhalitsepo pang'ono. Monga ya pansi ikuza, ya pamwamba icepsa. Onani zithunzi zambiri za anthu olandira thandizo pa nthawi ya njala: wojambula waima, mai wakhala pansi ndi mwana, maso ali m'mwamba ngati wopempha. Mwina maiyo ndi mlimi wakhama amene mvula yangomlaka caka cimodzi, koma cithunzi camsandutsa mphawi wa cibadwire. Ousmane Sembène wa ku Senegal, amene ambiri amucha tate wa makanema a mu Africa, anadzudzula mnzace wa ku France, Jean Rouch, mu 1965, kuti Azungu ojambula Africa anali kutiyang'ana monga ayang'anira tizilombo. Tsono lamulo lace nlapafupi: mbali ya pamwamba njoyenera tizilombo, osati anthu. Ndipo pa tizilombo ilibe inzace. Mbozi imeneyi ibisala m'kati mwa nsonga ya cimanga, pamene masamba atsopano atulukira, ndipo isiya zitosi zonga utuci. Wojambula akaima cam'mbali saona kanthu; ayenera kuimika foni pamwamba peni-peni pa phesi, kuyang'anitsa pansi monga munthu wosuzumira m'citsime. Mbali yomweyi ndiyo iyenera poonetsa mbeu pa licero, mapando a m'munda, kapena kasakanizidwe ka ufa wa phala la mwana.

Yacisanu ndi ya paphewa. Wojambula aima kumbuyo kwa mlimi, kamera ikusuzumira paphewa pace, kotero kuti woonera aona manja monga momwe mwini wace awaonera. Ambiri saidziwa, koma pa nchito za manja ndiyo mfumu ya zonse. Yesani kuphunzitsa mwana kumanga mfundo ya cingwe mutayang'anana naye: dzanja lanu lamanja liri kumanzere kwace, ndipo asokonezeka. Mukakhala naye mbali imodzi, aigwira msanga. Cimodzi-modzinso ndi kanema woonetsa kufunyulula masamba a cimanga popanda kuthyola nsonga, kulumikiza mitengo ya zipatso, kapena kusoka.

Yotsiriza ndi ya pafupi, ndipo apa tibwerera kwa udzudzu uja. Mbozi yatsopanoyi iri ndi zizindikiro ziwiri zoisiyanitsa ndi zinzace: pamutu pace pali cizindikiro conga cilembo Y cozondoka, ndipo ca kumcira kuli timadontho tinai takuda tokhala mwa ngodya zinai. Mlangizi akaona zimenezi adziwa cocita. Akapanda kuziona angoganizira. Motero mbozi iikidwe pa tsamba kapena pa cikhato, ndipo pambali pace paikidwe cinthu codziwika kwa onse, monga kamtengo ka macisi kapena ndalama yacitsulo, kuti kukula kwace kudziwike. Wojambula asakoke cithunzi ndi zala kuti cikule, cifukwa pa mafoni ambiri kutero kuononga cithunzi; ayandikire ndi miyendo yace. Akayandikitsa kwambiri cithunzi cicita cimbuuzi, ndiye abwerere pang'ono, agunde ndi cala pa galasi pamene pali mbozi, nayembekeze kuti ciwale. Akatero awerenge camumtima mpaka khumi asanasunthe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Pali lamulo lina limene liyenera kulowa m'makonzedwe ngakhale silidzachulidwa m'kanema. Amene aonera mpira pa wailesi ya kanema adziwa kuti makamera akulu onse akhala mbali imodzi ya bwalo. Cifukwa cace ncakuti kamera imodzi ikaoloka kupita tsidya lina, timu imene inali kuthamangira kumanja idzaoneka mwadzidzidzi ikuthamangira kumanzere, ndipo oonera adzayesa kuti yatembenukira golo lace. M'munda ndi momwemonso. Mlimi akayamba kuyenda kucokera kumanzere kupita kumanja, kapena akayang'anana ndi mlangizi, lingalirani mzere wodutsa pakati pao, ndipo mafoni onse awiri akhale mbali imodzi ya mzerewo. Pa kope paja jambulani mapu a munda ndi kuika kamtanda pamene kamera idzaima pa cidutswa ciri conse.

Ena akonda kuonetsa njira yolakwika ndi yolondola motsatana. Nzabwino, ndipo anthu aseka, koma yolakwika ikhale yaifupi, ndipo yolondola ndiyo ikhale yomaliza, pakuti cimene diso laona pothera ndico cikhala. Mau nao acepe. Wina awerenge mokweza zonse zimene zalembedwa, mnzace atagwira wochi. Zikapitirira masekondi a bokosi lace, dulani mau, musatalikitse cithunzi. Ndipo akhale mau a pamudzi. Palibe cifukwa cobvutitsira agogo ndi maina a Cizungu a mbali zimenezi, pamene "gwada," "kwera," "suzumira" ndi "yandikira" anena zonse.

Za tsiku lojambula tingochula mwacidule. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pakuti dzuwa la masana liika mithunzi yakuda m'maso mwa anthu, makamaka obvala zipewa. Ndipo m'mamawa ndi m'menenso mbozi zipezeka msanga. Dzuwa likhale kumbuyo kapena cam'mbali kwa wojambula, cifukwa likakhala kumbuyo kwa wojambulidwa nkhope yace idzada bii. Mphepo ndi mdani wa mau. Ngati ikuomba, jambulani zithunzi zokha, ndipo mau mukawajambule m'nyumba madzulo. Zigongono zitsamire pa nthiti, kapena foni imangidwe ku mtengo ndi mphira. Mugwirizanenso ciyambire ngati foni idzagona kapena idzaima: yogona iyenera kanema wokaonetsa pa cipupa kapena pa wailesi ya kanema, yoima iyenera wongoonera pa foni, koma kusakaniza ziwirizi m'kanema mmodzi kuononga nchito. Mafoni onse adzazidwe moto dzulo lace, ndipo galasi la kamera lipukutidwe ndi kansalu kofewa.

Cina cimene siciyenera kuiwalika ndi kupempha. Munda uli ndi mwini wace, mudzi uli ndi a Nyakwawa, ndipo nkhope ya munthu ndi yace. Wojambulidwa auzidwe kuti kanemayo adzapita kuti, pakuti cinthu cikalowa pa Facebook sicibwezeka; ndipo mwana sajambulidwa makolo ace asanalole. M'kanema mwenimwenimo muikemo masekondi khumi oonetsa wojambula akuomba m'manja ndi kupempha, kuti ophunzira atengere pomwepo. Acinyamata akumbutsidwenso kuti pali malo amene kamera siifika. Gule wamkulu akatuluka pabwalo, monga pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, anthu ajambula mwa cilolezo ca eni mwambo. Koma za kudambwe ndi za m'cinamwali si za foni, ngakhale iime mbali iti.

Zidutswa zikalumikizidwa, nchito imene mafoni ambiri a masiku ano acita okha ndi timapulogramu taulere, kanema asatumizidwe msanga. Itanani anthu asanu amene sanali nao pokonza, pakhale wacikulire mmodzi ndi azimai awiri, muwaonetse kamodzi kokha osafotokoza kanthu. Musawafunse ngati wakoma, cifukwa mwa ulemu adzabvomera onse. M'malo mwace apatseni foni, muwatengere ku phesi la cimanga, muwauze kuti ajambule mbozi yoti mlangizi aizindikire. Onetsetsani miyendo yao. Amene agwada, nasuzumira, nafuna-funa kamtengo ka macisi, wamva. Ngati atatu mwa asanuwo aima ciriri patali ndi kuyamba kuzunguza foni uku ndi uku, bwererani ku kope lija, mupeze bokosi limene lawasoceretsa, mulijambulenso.